Agogo Sanagwe pa Lichero: Zoyenera Kudziwa za Matenda Oiwalaiwala

Mbandakucha, amayi opita kudimba apeza agogo aakazi atakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi manda. Chitenje chili m'manja, mapazi ali fumbi lokhalokha. Powafunsa kumene akupita, akuti akukatungira madzi amayi awo, pomwe amayiwo anamwalira kalekale. Kuno ku Kasungu, kaya ndi ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya, tonse tikudziwa mawu amene amayamba kutuluka pakamwa pa anthu: "Agwa pa lichero awa." Posakhalitsa wina watola mwala.

Agogowa akudwala. Ali ndi matenda oiwalaiwala, amene achipatala amawatcha dementia. Ndi matenda a ubongo, monga mmene chifuwa chachikulu chimagwirira mapapo. Tizigawo ta ubongo timawonongeka pang'onopang'ono, ndipo munthu amayamba kutaya kukumbukira, mawu, nzeru zoyendetsera zinthu, mpaka njira yobwerera kunyumba kwake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo chaka chilichonse ena pafupifupi 10 miliyoni amawonjezekera. Oposa 60 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi opeza pang'ono, ngati lathu lino. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anawafotokoza m'chaka cha 1906. Mtundu wina umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikawonongeka chifukwa cha BP, shuga kapena sitiroko. Mowa wa zaka zambiri ndi kachirombo ka HIV kosamwera mankhwala nazonso zimafikitsa munthu pomwepo.

N'zovuta kumvetsa zimene zikuchitika mkati mwa wodwala, koma munthu wina anatisiyira zenera loonerapo. William Utermohlen anali katswiri wa ku America wopenta zithunzi za anthu, wokhala mumzinda wa London. Zithunzi zake zinkaoneka ngati munthuyo ndi wamoyo. M'chaka cha 1995 madokotala anamuuza kuti ali ndi Alzheimer, ndipo iye anayamba kudzijambula yekha chaka ndi chaka. Pa zithunzi zoyamba nkhope ndi yakedi, kungoti maso ali ndi mantha. Pa zotsatira khutu lakula mopitirira, mphuno yasuntha, chipinda chapendekeka. Pofika chaka cha 2000 panangotsala mutu wojambulidwa ndi pensulo, wopanda maso enieni. Anamwalira mu 2007, mkazi wake Patricia atamusamalira zaka zambiri. Ndikaziona zithunzizi, chimene chimandigwira mtima ndi mantha aja. Munthuyu ankadziwa kuti china chake chikumuchoka. Agogo athu akamakalipa kapena kulira popanda chifukwa chooneka, nthawi zambiri ndi mantha omwewo.

Kodi si ukalamba chabe?

Ayi. Aliyense amaiwala kumene waika mpeni, kenako n'kukumbukira. Matendawa amasiyana chifukwa amakulirakulira ndipo amasokoneza ntchito za tsiku ndi tsiku. Agogo afunsa funso limodzi kasanu pa ola. Mayi amene waphika nsima moyo wake wonse waima ndi mthiko, sakudziwa kuti ayambire pati. Bambo amene ankasankha fodya ndi kuwerengera yekha ndalama za ku okushoni akulephera kusiyanitsa K500 ndi K5,000. Amabisa ndalama m'denga, n'kuiwala, n'kunena kuti mpongozi waba. Amadya, n'kuuza alendo kuti sanapatsidwe chakudya kuyambira dzulo. Zakale amazikumbuka bwino, ngakhale maina a ng'ombe za atate awo, koma za m'mawa uno palibe. Madzulo dzuwa likamalowa ambiri amasokonezeka kwambiri, n'kumanga katundu kuti akupita kwawo, ali pakhomo pawo pomwe.

Chinthu chimodzi musachichedwetse. Ngati munthu wamkulu wasokonezeka mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena masiku awiri, akutentha thupi, akuwodzera, pakamwa papotoka kapena mkono wafooka, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zikhoza kukhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga kapena sitiroko, ndipo zambiri mwa izi zikagwiridwa msanga munthu amabwerera mwakale.

Ngakhale kuiwala kwabwera pang'onopang'ono, apititseni akayezedwe. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chaching'ono, ndipo iwo angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma cha Kasungu. Apite ndi munthu amene amakhala nawo, atenge buku lakuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, azitsamba omwe. Achipatala ayeza BP, shuga, magazi, HIV ndi chindoko, ndipo aona ngati si matenda okhumudwa kapena vuto la chithokomiro, popeza izi zimafanana ndi dementia koma zili ndi mankhwala. Kunena zoona, Alzheimer alibe mankhwala ochiza mpaka lero. Musagulitse mbuzi chifukwa cha munthu amene akulonjeza kuwachiritsa. Koma kumwa mankhwala a BP ndi shuga mokhulupirika, kusiya fodya ndi kachasu, kuyendayenda ndi kucheza ndi anthu zimateteza ubongo umene watsala. Izi zikukhudzanso inu amene muli ndi zaka 40 kapena 50 panopa.

Kusamalira pakhomo

Musamatsutsane nawo. Agogo akafunsa za amuna awo amene anatisiya, kuwauza kuti "anamwalira, mwaiwala kodi?" ndi kuwaliritsa maliro atsopano tsiku lililonse. Ingonenani kuti, "Agogo, tandiuzeni, munakumana kuti ndi aphiri?" Mudzaona nkhope ikumasuka. Lankhulani muli kutsogolo kwawo, mawu ochepa, funso limodzi, ndipo dzitchuleni dzina. Kuwayesa kuti "ndine ndani?" kumangowachititsa manyazi.

Apa ndi pamene zithunzi zimagwira ntchito. Tulutsani zija zili m'sutikesi, za ukwati, za ubatizo, za ku esiteti, mukhale nawo pamphasa n'kumaonera limodzi. Asatchule dzina, zilibe kanthu, bola akusangalala. Mdzukulu wodziwa kujambula ajambule chitsime chakale kapena nkhokwe ya kumudzi, agogo azimuuza poika mtengo. Jambulani chizindikiro chachikulu pachitseko cha chimbudzi kuti asasochere usiku. Nyimbo nazo zimakhalitsa kuposa mawu wamba: mayi amene sakutha kumaliza chiganizo angathe kuyimba nyimbo ya mvano kapena ya chimtali mpaka kumapeto. Apatseni ntchito imene manja awo akuidziwa, monga kusenda mtedza, kutongola chimanga kapena kupeta.

Sungani patali mankhwala a fodya ndi a mbewu, parafini ndi machesi, ndipo asatsale okha pamoto kapena pachitsime. Sokererani kansalu kolembedwa dzina lawo, mudzi ndi nambala ya foni ya wachibale mkati mwa malaya. Musawamange chingwe kapena kuwatsekera m'nyumba tsiku lonse. Ndi bwino kuyenda nawo masana kuti usiku agone.

Wosamalira nayenso ndi munthu. Kawirikawiri mtolo wonse umagwera mwana wamkazi mmodzi kapena mdzukulu amene mpaka amasiya sukulu, pomwe abale ali ku Lilongwe kapena ku Joni akungofunsa pa foni. Kusagona, kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku, kutchedwa wakuba ndi mayi ako okubala, zimapweteka, ndipo kupsa mtima nthawi zina sikutanthauza kuti ndinu woipa. Mwinimbumba aitanitse banja, mugawane masiku ndi ndalama momveka bwino. A mpingo kapena a mzikiti abwere kudzakhala ndi agogo ngakhale maola atatu kuti wosamalira apite kumsika kapena angogona.

Ndipo musabise. Kauzeni a mfumu, aneba, a m'magolosale ndi anyamata a kabaza kuti agogo akudwala matenda oiwalaiwala, kuti akawaona panjira awabweze. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo kumenya kapena kuthamangitsa wokalamba ndi mlandu. Mukamva mphekesera zayamba, pitani msanga kwa a mfumu ndi ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit kupolisi, anthu asanasonkhane. Mukakumana ndi agogo osawadziwa akuyenda okha mbandakucha, afunditseni chitenje, akhazikeni pansi, apatseni madzi, ndipo muwafunse mfunda wawo ndi mudzi umene anabadwira. Zimenezo ndi zimene amachedwa kuiwala, ndipo zingakuthandizeni kupeza abale awo.