Mmene anayambira kuwerenga akabawi pa Hawk Mountain

Ku Pennsylvania, m'dziko la America, kuli mtandadza wa mapiri wotchedwa Kittatinny. Chaka chilichonse chisanu chikamayandikira, mbalame zolusa zochokera kumpoto zimatsata mapiri amenewa paulendo wazo wa kummwera. Chimazikoka ndi mphepo. Ikamawomba kuchokera kumpoto chakumadzulo imagunda phiri n'kukwera m'mwamba, ndiye mbalame imangotambasula mapiko n'kumayandama mtunda wautali osakupiza. Pamalo amene lero amati Hawk Mountain zimadutsa chapafupi zedi ndi miyala ya pamwamba, moti ena mwa akabawiwo umawaonera kumsana, iwo ali m'munsi mwako.

Kuyandikira kumeneku ndiko kunkaziphetsa. Mu 1929 nthambi ya boma la Pennsylvania yoona za ulenje inayamba kupereka madola 5 kwa aliyense wopha kabawi wamkulu wotchedwa goshawk, ati ankawathera alenje nyama. Amuna a m'midzi yozungulira ankakwera phirilo ndi mfuti, kukhala pamiyala n'kumawombera chilichonse chodutsa, osasankha mtundu. Ife amene tinakula tikukuwiza mphamba ikalakatika pa anapiye chidanichi tikuchidziwa. Koma paphiripo panalibe mwanapiye woti ateteze. Mbalamezo zinkangodzipitira, ndipo zambiri zinkasiyidwa pomwe zagwera, zina zisanafe n'komwe.

Mu 1932 mnyamata wina wokonda mbalame, Richard Pough, anatola mitembo ya mbalamezi m'munsi mwa miyala, kuindandalika pansi n'kuijambula. Zithunzizo zinawafika mayi Rosalie Edge a ku New York, omwe anali atamenyerapo kale ufulu wa amayi woponya voti, ndipo sankaopa kudzudzula ngakhale atsogoleri a mabungwe oteteza mbalame. Poona kuti mabungwewo akuzengereza, mu 1934 mayiwa anachita lendi maekala 1,400 a phirilo pamtengo wa madola 500 pachaka, n'kulemba ntchito Maurice Broun kuti akalondere. Broun anakhoma zikwangwani zoletsa kulowa, ndipo mkazi wake Irma ankaima panjira yokwerera kuphiri n'kumabweza amuna onyamula mfuti. Pofika 1938 malowo anali atagulidwa n'kuperekedwa m'manja mwa bungwe lawolawo.

Ambiri nkhaniyi amaithera pomwepa, koma kwa ine chachikulu ndi chimene Broun anayamba kumapeto kwa Sepitembala 1934. Anakhala pamwala pomwe pankakhala alenje paja, ali ndi kope ndi galasi loonera patali, n'kumalemba mbalame iliyonse: mtundu wake, kumene mphepo ikuchokera, ndiponso ngati ndi yaing'ono kapena yaikulu. M'mawa mwake chimodzimodzi, chaka chinacho chimodzimodzi. Ntchitoyi inadukiza mu 1943 mpaka 1945 mokha, iye atapita kunkhondo. Ena ndi masiku odikira tsiku lonse mphepo ikukubaya m'mafupa, kumwamba kuli mbee. Ena ndi monga 16 Sepitembala 1948, pomwe anawerenga mbalame 11,392 tsiku limodzi, zambiri zili za mtundu wa broad-winged hawk, umene umazungulirazungulira m'magulu pokwera ndi mpweya wofunda usanalunjike ku South America.

Phindu la kopelo linadzaoneka patapita zaka. Nkhwazi ya ku America, m'bale wake wa nkhwazi yathu ya kunyanja, siyera mutu mpaka itafika zaka zinayi kapena zisanu, choncho yaing'ono imadziwika ngakhale ili m'mwamba. Pakati pa 1935 ndi 1939, mwa nkhwazi 100 zilizonse zodutsa paphiripo, 40 zinali zazing'ono. Pakati pa 1955 ndi 1959 zinatsika kufika pa 20, ndipo mu 1957 panali yaing'ono imodzi pa zazikulu 32. Zazikulu zinalipo ndithu, koma sizinkaswa mokwanira. Katswiri wa sayansi wa ku America, mayi Rachel Carson, anagwiritsa ntchito manambala amenewa m'buku lake la mu 1962, Silent Spring, lochenjeza za mankhwala ophera tizilombo monga DDT, amene pambuyo pake anapezeka kuti amapepukitsa chikhokhombe cha dzira mpaka limasweka mbalame ikamafungatira. Broun poyamba kulemba sankafufuza za DDT, chifukwa nthawiyo mankhwalawa anali asanafike m'minda. Anangolemba mosamala zimene ankaona, ndipo n'chifukwa chake panali poyerekezera.

Mu 1972 America analetsa DDT paulimi, ndipo chaka chomwecho lamulo la dziko lonse linayamba kuteteza mbalame zolusa. Kuwerenga kukupitirirabe kuyambira 15 Ogasiti mpaka 15 Disembala, ndipo pa nyengo imodzi pamadutsa mbalame pafupifupi 18,000. Malowa amaphunzitsanso achinyamata ochokera m'maiko ambiri, a mu Africa omwe, kawerengedwe ka mbalamezi kuti akayambitse ntchito yotere kwawo.