Kudwala kotsalira pambuyo pa Covid-19: mafunso ndi mayankho pa za kuchira, tchuthi cha matenda ndi kusamalira wachibale

Covid-19 inapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020, ndipo pa 5 Meyi 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti matendawa sanalinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Komabe m'makomo ena muli anthu amene chiwadwalire matendawa thupi lawo silinabwerere mwakale, ndipo vuto lawoli limadziwika ndi dzina lakuti long Covid.

Kodi achipatala amavomereza liti kuti munthu ali ndi long Covid?

Mu Okutobala 2021 bungwe la WHO linakhazikitsa muyezo umene madokotala amatsata, ndipo uli ndi mfundo zitatu. Munthuyo akhale kuti anadwala Covid-19, kapena pali chifukwa chomveka chokhulupirira kuti anadwala. Zizindikiro zake zikhale zilipo pakatha pafupifupi miyezi itatu chiyambire matendawo, ndipo zitenge miyezi iwiri kapena kupitirira apo. Ndiponso pasakhale matenda ena amene angafotokoze zizindikirozo. Zizindikiro zikhoza kupitirira kuchokera pa kudwala koyamba, zikhozanso kubuka munthu atayamba wapeza bwino, ndipo kawirikawiri zimabwera n'kupita. Muyezo wa ana ndi achinyamata unatuluka mu Febuluwale 2023. Choncho munthu amene akadali wofooka patatha masabata asanu sanafike pa muyezowu, ngakhale kuti ndi woyenera kuonedwa kuchipatala.

Nanga ngati sindinayezedwe Covid-19 pa nthawi imene ndinkadwala?

Zimenezi sizikutsekerani khomo. Anthu ochuluka, makamaka pa nthawi imene matendawa anavuta kwambiri mu Januwale 2021, anadwalira kunyumba osayezedwa, ndipo n'chifukwa chake muyezo wa WHO umawerengeranso amene akuganiziridwa kuti anadwala. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula kumene pakokha kungatsimikize kuti munthu ali ndi long Covid. Dokotala amadalira mbiri ya wodwala, kotero m'pofunika kupita ndi buku la kuchipatala ndi kufotokoza mwadongosolo mwezi umene munadwala, ngati munasiya kumva fungo kapena kukoma kwa chakudya, ndiponso ngati ena a m'nyumba anadwala nthawi yomweyo.

Kodi zizindikiro zake ndi zotani, ndipo amene zimawagwira kwambiri ndi ati?

Zizindikiro zimene zalembedwapo zimaposa 200, koma zofala kwambiri ndi kutopa kumene sikutha ngakhale munthu atagona, phuma, kuphwanya kwa thupi ndi kuwawa kwa m'malo olumikizira mafupa, kusowa tulo, ndi kuiwalaiwala kapena kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Ena mtima umawathamanga ndipo amachita chizungulire akangoimirira. WHO imati mwa anthu 100 alionse amene adwala Covid-19, pafupifupi 6 amatsala ndi vutoli. Limapezeka kwambiri mwa amayi, anthu achikulire, osuta fodya, onenepa kwambiri, amene anali kale ndi matenda ena okhalitsa, ndi amene Covid-19 inawadwalitsa kwambiri, koma limagwiranso anthu amene poyamba anangomva ngati chimfine wamba.

N'chifukwa chiyani achipatala amayamba ndi kuyeza matenda ena m'malo mongovomereza zimene wodwala akunena?

Odwala ena amakhumudwa akauzidwa kuti apereke makhololo kapena ayezedwe magazi, poganiza kuti dokotala sakuwakhulupirira. Koma mfundo yachitatu ya muyezo uja, yakuti pasakhale matenda ena, ndi imene ili yofunika koposa m'dziko ngati lathu. Kutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposera apo, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda ndi zizindikiro za chifuwa chachikulu, chimene chili ndi mankhwala ochiritsa ndipo amaperekedwa mwaulere. Kufooka ndi phuma zingabwere chifukwa cha kuchepa kwa magazi, matenda a mtima, shuga, kapena HIV imene munthu sanaidziwe, kapenanso chifukwa chodukiza ma ARV. Munthu amene wangodziuza yekha kuti ali ndi long Covid n'kukhala pakhomo akhoza kutaya miyezi pamene matenda ochizika akumudya, ndipo ngati ndi TB akhala akupatsiranso a m'nyumba mwake.

Njira yake ndi yomweyo ya masiku onse: kuyambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera, kutumizidwa ku chipatala cha boma, ndipo ngati pakufunika akatswiri a mtima kapena mapapo, kufika ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Zotsatira zikatuluka kuti zonse zili bwino, sizitanthauza kuti wodwalayo akunamizira, chifukwa anthu ambiri a long Covid zotsatira zawo zimatuluka chomwecho.

Kodi pali mankhwala ochiza?

Pakadali pano palibe mankhwala amene atsimikizika kuti amachiza long Covid. Chimene achipatala amachita ndi kuthandiza chizindikiro chilichonse pachokha: mankhwala ochepetsa ululu, kuphunzitsa kapumidwe koyenera kwa amene ali ndi phuma, kuwongolera shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndi uphungu kwa amene ali ndi nkhawa. Amene anasiya kumva fungo amalangizidwa kununkhiza mwachifatse zinthu zingapo za fungo lamphamvu, monga ndimu ndi masamba a bulugamu, kawiri pa tsiku kwa miyezi ingapo. Mankhwala opha mabakiteriya ogula pa golosale sathandiza, ndipo kufukiza ndi madzi otentha, kumene kunafala kwambiri mu 2021, kukhoza kuwotcha munthu, makamaka wachizungulire. Aliyense wogulitsa botolo ndi lonjezo lakuti likuchizani m'sabata imodzi akufuna ndalama zanu. Katemera wa Covid-19, amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu Malichi 2021, amachepetsa mpata wakuti munthu atsale ndi vutoli.

Kodi si bwino kudzilimbitsa ndi kugwira ntchito kuti mphamvu zibwerere?

Pamenepa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa ndi mtima wabwino. Tinazolowera kuti wodwala akayamba kupeza bwino timamuuza kuti adzuke, ayendeyende, thupi lisazolowere mphasa. Pa matenda ambiri malangizowa ndi oona, koma mwa anthu ochuluka a long Covid thupi limabwezera mochedwa. Munthu akhoza kuchapa, kupita ku msika ndi kuphika Lolemba akumva bwinobwino, kenaka Lachiwiri kapena Lachitatu n'kulephera kudzuka, ndipo kugwa kumeneku kungatenge masiku kapena masabata. Kawirikawiri kumabwera pakadutsa maola 12 mpaka 48, ndipo chifukwa cha kuchedwaku banja siliona kuti chayambitsa ndi ntchito ya dzana ija. Si ntchito ya manja yokha imene imatero: kuwerengera ndalama, kuyang'ana pa foni nthawi yaitali, kukhala pa maliro usiku wonse kapena kukangana m'nyumba zimadya mphamvu chimodzimodzi.

Malangizo a WHO ndi akuti munthu wotere aphunzire kugawa mphamvu zake, monga mmene mayi amagawira ufa wotsala m'thumba kuti ufike kumapeto kwa mwezi. Ayambe wadziwa kuchuluka kwa ntchito imene angagwire popanda kugwa mawa lake, aime asanatope, agawe ntchito yaikulu m'zigawo zing'onozing'ono ndi kupuma pakati, ndipo zimene zingachitike atakhala pansi, monga kusamba kapena kusadzula ndiwo, azichite atakhala. Kulemba m'kope zimene wachita tsiku lililonse ndi mmene wamvera masiku awiri otsatira kumathandiza kuona malire ake. Tsiku loopsa kwenikweni ndi limene wadzuka bwino, chifukwa ndi pamene amafuna kubweza ntchito zonse zimene zinatsalira. Ntchito iwonjezedwe pang'ono pokhapokha atakhala masiku angapo osabwerera m'mbuyo, ndipo mafizo achitike motsogozedwa ndi achipatala amene auzidwa za kugwa kochedwaku.

Kodi lamulo la ntchito limapereka tchuthi chotani kwa wodwala wotere?

Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000, mu gawo 46, limati wantchito amene wagwira ntchito kwa miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata anayi akulandira malipiro onse, ndi masabata ena asanu ndi atatu akulandira theka, pa chaka chilichonse. Olemba ntchito sakakamizidwa kupereka tchuthichi ngati palibe kalata yochokera kwa dokotala wovomerezeka yofotokoza chimene chikumulepheretsa munthuyo kugwira ntchito. Amenewa ndi malire a pansi chabe, ndipo mgwirizano wa pantchito ukhoza kupereka zoposa apa, choncho ndi bwino kuwerenga kontrakiti yanu.

Masabata onsewa pamodzi ndi 12, kutanthauza kuti tchuthi chikhoza kutha pa nthawi yomweyo imene muyezo wa WHO ukuyamba kumene kuvomereza matendawo. N'chifukwa chake ndi nzeru kukambirana msanga ndi abwana za kubwerera pang'onopang'ono, monga kugwira theka la tsiku kapena kupatsidwa ntchito yopepuka kwa kanthawi, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Kalata ya dokotala imathandiza kwambiri ikamanena zimene munthu sangathe kuchita, monga kuima nthawi yaitali kapena kunyamula katundu, kusiyana ndi kungotchula dzina la matenda.

Kodi angandichotse ntchito chifukwa chodwala?

Gawo 57 la lamulo lomweli limati kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito, ndiponso kuti munthu asachotsedwe pa nkhani ya kulephera ntchito asanapatsidwe mpata wodziyankhira. Izi sizikutanthauza kuti ntchito idzakudikirani mpaka kalekale, chifukwa kulephera ntchito kokhalitsa kukhoza kukhala chifukwa chovomerezeka ngati ndondomeko yatsatidwa. Amene akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo akadandaule ku ofesi ya Labour ya m'boma lake pasanathe miyezi itatu, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti la Industrial Relations. Sungani makalata onse a kuchipatala ndi a kuntchito.

Alimi, ochita geni ndi aganyu, amene ndiwo ambiri, alibe bwana woti awapatse tchuthi. Kwa iwo chofunika ndi kuti abale agawane ntchito ya kumunda kapena ya pa benchi nyengo isanafike pothina.

Kodi wosamalira wodwala achite chiyani?

Choyamba ndi kumukhulupirira. Wodwala long Covid saoneka wodwala: alibe chilonda, nthawi zina sanawonde, ndipo dzulo anthu anamuona ku tchalitchi. Mawu akuti "ndi ulesi chabe" kapena "amadzikonda" amapweteka, makamaka kwa mayi amene ntchito zonse za pakhomo zimayang'ana iye, kapena mtengwa amene akukhala pakati pa apongozi. Matenda osaoneka ngati amenewa amautsanso msanga nkhani za kulodzana, ndipo banja likhoza kutha ndalama ndi ubale pofunafuna wochititsa. Mapemphero amalimbitsa mtima, koma kusala kudya ndi kuchezera usiku wonse kukhoza kumugwetsa wodwalayo.

Pa ntchito za tsiku ndi tsiku, wosamalira atenge zolemetsa, monga kutunga madzi, kuchapa ndi kuwaza nkhuni, n'kumusiyira wodwala zimene angathe, kuti asadzione ngati katundu. M'malo mwakuti "Amayi, dzilimbitseni," ndi bwino kufunsa kuti, "Amayi, lero mphamvu zilipo zotani, tiyambe ndi chiti?" Alendo odzazonda matenda ndi ulemu, koma kucheza kumatopetsa, kotero gadiyani asachite manyazi kuwauza mwaulemu kuti odwala akupuma. Popita kuchipatala ndi bwino kuperekeza, chifukwa munthu woiwalaiwala sangakumbukire zonse zimene dokotala wanena.

Wosamalira nayenso amatopa. Tchuthi cha matenda cha m'gawo 46 ndi cha wodwala mwini, choncho wosamalira amene ali pa ntchito amadalira tchuthi chake cha pachaka, chimene ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu pa sabata ndi 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Abale agwirizane zosinthana, ndipo mwana wamkazi asasiyitsidwe sukulu kuti akhale gadiyani.

Kodi anthu amachira, ndipo ndi liti pamene tiyenera kuthamangira kuchipatala?

Ambiri amapeza bwino pang'onopang'ono m'miyezi ingapo, ngakhale kuti kuchira kwake kumapita kutsogolo n'kubwerera, ndipo alipo ena amene amakhala ndi zizindikiro kupitirira chaka. Koma zizindikiro zina si zodikira nazo tsiku la sikelo kapena kutha kwa mwezi: kuwawa kwa pachifuwa, kubanika kwadzidzidzi kapena kumene kukukulirakulira, kutsokomola magazi, kutupa ndi kuwawa kwa mwendo umodzi, kukomoka, kupindika kwa kamwa, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, kapena kusokonezeka mutu. Covid-19 imawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha, ndipo zina mwa zizindikirozi zimaloza kumeneko. Wodwala akayamba kulankhula zofuna kudzipha, asasiyidwe yekha ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pa mafunso amene si adzidzidzi, mukhoza kufunsa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni pa nambala yake yaulere.