Lonjezo la 2050 limaoneka pa bajeti ya zaka zisanu

Boma likalengeza kuti lidzachepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi maperesenti akutiakuti, funso loyamba n'lakuti: poyerekeza ndi chaka chiti? Chakacho boma lililonse limasankha lokha. Britain ndi mayiko a European Union amayambira 1990. Australia ndi Canada amayambira 2005. Japan inasankha 2013, chaka chimene mpweya wake unakwera zedi chifukwa malo opangira magetsi a nyukiliya anali otseka potsatira ngozi ya ku Fukushima mu 2011, ndipo dzikolo linkawotcha malasha ndi gasi wambiri. Ukayambira pa chaka choipa chotere, kutsika pang'ono kumaoneka ngati kwakukulu. N'chifukwa chake 46 peresenti ya Japan ndi 55 peresenti ya European Union, ngakhale zonse zikunena za 2030, sizingaikidwe pa sikelo imodzi.

Mayiko osauka ambiri amawerenga mwa njira ina. Lonjezo limene Malawi inapereka mu 2021 pansi pa mgwirizano wa ku Paris, wa mayiko polimbana ndi kusintha kwa nyengo, ndi lochepetsa 51 peresenti pofika 2040, koma poyerekeza ndi mpweya umene tikanatulutsa chakacho tikanangokhala osachita kanthu. Apa vuto ndi lakuti chiwerengero choyambira ndi chongoyerekeza. Akatswiri akachikweza mopitirira, dziko limatha kufika pa cholinga chake pamene utsi ukuchulukirabe. Komanso pa 51 imeneyo, 6 yokha ndi imene Malawi inati idzakwanitsa ndi ndalama zake. Yotsala, 45, ikudikira thandizo lakunja.

Chachiwiri ndi zimene zikuwerengedwa. Pa masamu, mipweya yonse imasinthidwa kukhala matani a carbon dioxide: tani imodzi ya methane, monga wochokera m'mimba mwa ng'ombe ndi m'minda ya mpunga, imawerengedwa ngati matani 28. Katundu wopangidwa ku China n'kugulitsidwa ku London amalembedwa kwa China. Ndege ndi sitima zopita kunja nthawi zambiri zimasiyidwa kunja kwa masamu.

Koma chimene chimapha malonjezo ambiri ndi kutalika kwa nthawi. Nduna yolonjeza za 2050 imadziwa kuti tsikulo likadzafika idzakhala itachoka kale pampando. Britain inathana ndi zimenezi ndi lamulo la Climate Change Act la 2008. Poyamba linalamula kuchepetsa 80 peresenti pofika 2050, kenako mu 2019 linasinthidwa kuti mpweya wotulutsidwa usapose wochotsedwa m'mlengalenga. Mphamvu ya lamuloli ili pa kudula ulendowo m'mabajeti a zaka zisanuzisanu. Bajeti iliyonse imanena matani onse amene dziko lingatulutse m'zakazo, ndipo nyumba ya malamulo imaivomereza kudakali zaka pafupifupi 12, kuti womanga fakitale kapena malo opangira magetsi adziwiretu malire asanaike ndalama. Bajeti yachisanu ndi chimodzi, ya 2033 mpaka 2037, ndi matani 965 miliyoni. Imeneyi ndiyo inali yoyamba kukonzedwa kuti iphatikize ndege ndi sitima zopita kunja. Komiti yoima payokha, Climate Change Committee, ndiyo imalangiza ziwerengerozi ndipo chaka chilichonse imauza aphungu ngati boma likutsalira.

Popeza ndi lamulo, munthu akhoza kukamang'ala kukhoti. Mu July 2022 khoti lalikulu la High Court linagamula kuti ndondomeko ya boma yokwaniritsira mabajetiwa inali yosemphana ndi lamulo chifukwa nduna inaivomereza isanapatsidwe masamu osonyeza matani amene mfundo iliyonse idzachotse. Boma linalemba ina, imenenso khoti linaikana mu May 2024. Dziko limene lonjezo lake limangothera pa kulankhula kumsonkhano lilibe khomo ngati limeneli.

Ngakhale zili choncho, mabajeti atatu oyambirira anakwaniritsidwa makamaka ndi gawo losavuta: kusiya malasha popanga magetsi, ntchito imene inatha pamene malo omaliza opangira magetsi ndi malasha, a Ratcliffe-on-Soar, anatsekedwa mu September 2024. Zotsala zikukhudza galimoto ya munthu, zotenthetsera m'nyumba mwake ndi munda wa mlimi, ndipo apa andale amazengereza. Mu 2023 Rishi Sunak, amene anali nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, anasuntha tsiku loletsa kugulitsa magalimoto atsopano a petulo ndi dizilo kuchoka 2030 kupita 2035, cholinga cha 2050 osachikhudza. Boma la chipani cha Labour litalowa linalibwezera pa 2030, koma magalimoto oyendera petulo ndi batire pamodzi linawalola kugulitsidwabe mpaka 2035.