Nyumba zotchipa za m'matauni aang'ono a ku America si zaulere

M'matauni aang'ono a ku America, kukangomveka kuti kumangidwa nyumba za lendi yotsika, anthu ena amayamba kudandaula kuti boma likubweretsa malova ochokera kutali kudzakhala ulere. Maganizowa ndi akalekale, koma ndi olakwika.

Nyumbazi si za boma. Zambiri zimamangidwa kudzera m'pulogalamu ya Low-Income Housing Tax Credit, yomwe inayamba mu 1986, nthawi ya Pulezidenti Ronald Reagan. Boma limalonjeza kuchotsera msonkho kwa zaka 10, womanga nyumba amagulitsa mwayiwo kwa mabanki kapena makampani, ndipo ndalamazo ndi zomwe amamangira. Womangayo amalonjeza kuti lendi ikhala yotsika kwa zaka zosachepera 30. Okhalamo amalipira lendi mwezi uliwonse, ndipo amayenera kusonyeza zomwe amapeza, zomwe nthawi zambiri siziyenera kupitirira 60 peresenti ya zomwe banja lapakati m'deralo limapeza. Wogulitsa m'sitolo ndi wosamalira odwala amalowa m'gulu limeneli.

Chomwe odandaulawo saona n'chakuti tauni yawoyo ikukalamba. Achinyamata amathawira kumizinda ikuluikulu, makolo n'kutsala okha. Mu 2020, pakhomo poposa pamodzi pa makomo anayi alionse ku America pankakhala munthu mmodzi yekha. Taganizirani mayi wamasiye wa zaka 75, maondo akuphwanya, m'nyumba ya masitepe, denga likudontha, penshoni yochepa. N'chifukwa chake nyumba zina zotere zimamangidwira okalamba okha, kuti mayiyu asamukire m'chipinda chapansi osasiya tchalitchi chake ndi anzake.