Foni, Chikondi ndi Zithunzi Zamaliseche: Uthenga kwa Ophunzira a m'Makoleji a ku Chipata

Usiku wakhwima, anzanu mu boarding house ku Kapata agona, inu mwafunda bulangete mpaka kumutu, foni ikuwala. Pa WhatsApp palowa uthenga: "Ngati umandikondadi nditumizire kamodzi kokha. Ndikangoona ndifufuta."

Munthu amene masana sangayerekeze kumasula chitenje pamaso pa mnzake, pafoni amalimba mtima. Palibe maso amene akumuyang'ana, ndiye manyazi amene amatiteteza aja amagona. Onjezanipo kusungulumwa kwa chaka choyamba, mwana atangochoka ku Chadiza, ku Katete kapena ku Vubwi, amayi ali kutali. Nkhawa ya mayeso. Mowa wa Lachisanu. Ndi njala yofuna kumva wina akuti "ndiwe wokongola". Si kupusa ayi. Ndi mtima wofuna kukondedwa, ndipo otchera misampha amaudziwa bwino mtima umenewu.

Mtsikana nthawi zambiri amakakamizidwa ndi munthu womudziwa: chibwenzi chake, kapena bambo wamkulu amene amamutumizira ya lendi ndi ya bandulo pa Airtel Money kapena MoMo. Chikondi chikatha, chithunzi chija chimasanduka chikwapu. Chikalowa m'gulu la WhatsApp la kalasi, wotukwanidwa amakhala mtsikanayo, pomwe wofalitsa akuyenda mopepuka, anzake akumutcha dolo. Ichi chimandiwawa. Wolakwa ndi amene anafalitsa, pamodzi ndi aliyense amene analandira n'kutumizanso. Ndime 177 ya Penal Code imaletsa kufalitsa zolaula, ndiye mnyamata amene akuonetsa anzake zithunzi za mtsikana kuti aoneke mwamuna akupalamula mlandu.

Msampha wa anyamata ndi wina. Pa Facebook pabwera "mtsikana" wowala amene simunamuonepo, macheza atentha msanga, kenako akuti tiyeni pa video call. Mukuvula, iwo akujambula. Pasanathe ola uthenga wafika: tumiza ndalama, apo ayi amalume ako ndi a kutchalitchi kwanu aona zonse. Kawirikawiri kulibe mtsikana n'komwe, ndi akuba chabe. Koma poti tinakula tikumva kuti mwamuna salira, mnyamata amafa nazo mumtima: tulo osabwera, m'kalasi osalowa, ena mpaka kuganiza zodzipha. Achimwene, zimenezi zagwera ambiri, ndipo zimatha.

Musadalire view once, njira ija yotumizira chithunzi chooneka kamodzi kokha. Foni ina ikhoza kujambula zimene zili pa sikirini.

Macheza a pafoni amakafikanso ku lodge. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti m'Zambia anthu 11 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV: mwa akazi 100 ndi pafupifupi 14, mwa amuna 100 ndi 8. Nkhope yosalala ya pa profile sikuuzani za magazi a munthu. Mukamakakumana naye koyamba, kumanani poyera masana, mnzanu adziwe kumene muli, ndipo kondomu munyamule nokha. Ngati mwagonana osadziteteza, kondomu yaphulika, kapena mwagwiriridwa, thamangirani kuchipatala maola 72 asanathe kuti muyambe PEP, mankhwala amene amamwedwa masiku 28 kuti HIV isakhazikike m'thupi. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira mpaka masiku 5, koma amagwira bwino mukamwa msanga. Amene mukudziwa kuti muli pachiopsezo nthawi ndi nthawi, funsani kuchipatala za PrEP, mankhwala oteteza ku HIV amene munthu amayamba kumwa asanakumane ndi chiopsezocho.

Nanga wina akakuopsezani ndi chithunzi chanu? Musalipire ngakhale ngwee imodzi, chifukwa wolandira lero mawa abweranso. Musafulumire kufufuta macheza: yambani mwatenga ma screenshot a mauthenga, dzina la akauntiyo ndi nambala imene akufuna mutumizepo ndalama. Mukatero m'tsekeni, ndipo mum'nene kwa eni ake a Facebook kapena WhatsApp. Amene mwakwanitsa zaka 18 mungagwiritse ntchito StopNCII.org, imene imathandiza kutsekereza chithunzicho pa Facebook, Instagram ndi TikTok, chithunzi chenichenicho osachoka m'foni mwanu.

Kenako uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kaya ndi achemwali, azakhali kapena mlangizi wa pakoleji, akuperekezeni ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ku One Stop Centre, malo othandiza ochitiridwa nkhanza, pa Chipata Central Hospital. Ngati miyendo ikulemera, kapena maganizo odzipha akubwera, imbani 933, nambala ya alangizi, usiku womwewo, ndi yaulere. Ngati wojambulidwayo sanakwane zaka 18, imbani 116, nambala yothandiza ana.