Mabakiteriya amene angalondere mtsinje wa Lilongwe

Mtsinje wa Lilongwe umayambira ku Dzalanyama, n'kudzera m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Ukalowa mumzinda umalandira chilichonse: zinyalala za kumsika, madzi a m'ngalande, ndi zotuluka m'zimbudzi zosefukira nthawi ya dzinja. Kumunsiko anthu amachapira madzi omwewo ndi kuthirira madimba.

Chimativuta ife oyeza madzi ndi nthawi. Kuti tidziwe kuchuluka kwa zonyansa zowola m'madzi, timagwiritsa ntchito njira yotchedwa BOD. Timatsekera madziwo m'botolo, kuwaika pamdima pa madigiri 20, n'kudikira masiku 5 kuti tione kuti tizilombo tamaliza okosijeni wochuluka bwanji. Zotsatira zikamatuluka, madzi oipa aja adatsika kalekale ndipo anthu awagwiritsa kale ntchito.

Apa ndi pamene kachipangizo kotchedwa microbial fuel cell, kamene kamatulutsa magetsi pogwiritsa ntchito mabakiteriya, kamandipatsa chiyembekezo. M'chaka cha 1911, katswiri wa ku England, M. C. Potter, adaonetsa kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tikamadya timatha kutulutsa magetsi. Mabakiteriya ena monga Geobacter, amene amakhala m'matope mopanda mpweya, amachita zimenezi bwino kwambiri. Akamatirira pa kachidutswa ka kaboni m'kachipinda kopanda okosijeni, amadya zowola za m'madzi, ndipo mphamvu yotuluka m'chakudyacho amaipereka ku kaboniyo. Kuchoka apo imayenda pa waya kupita ku kachidutswa kena kamene kali pampweya. Magetsi ake ndi ochepa, safika n'komwe volti imodzi, koma amayezeka.

Zonyansa zikachuluka, mabakiteriya amadya kwambiri, magetsi n'kukwera. Mukalowa poizoni, kaya mankhwala ena opopera mbewu kaya zitsulo zosungunuka za m'mafakitale, mabakiteriyawo amafooka, magetsi n'kutsika mwadzidzidzi. Kusinthaku kumaoneka m'maola ochepa, nthawi zina m'mphindi chabe.

Koma kachipangizoka tisakapatse ulemu woposa ntchito yake. Kali ngati mlonda wa usiku: amakuwa kuti kwabwera munthu, koma dzina la wakubayo salidziwa. Sikangakuuzeni kuti poizoniyo ndi wamtundu wanji. Ndipo chonde, makamaka ife amene tidaona kolera ya 2022 ndi 2023 ikupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, timvetse bwino: kachipangizoka sikazindikira tizilombo ta kolera. Madzi a pachitsime tipitirize kuwawiritsa kapena kuthira klorini. Kuzizira kwa mu Juni ndi Julaye nakonso kumachedwetsa mabakiteriya, moti woyeza wosasamala angaganize kuti madzi ayera pamene kwangozizira. Komanso pamatenga masabata kuti mabakiteriyawo akhazikike pa kaboni.

Ine ndingakonde kuti ophunzira a ku yunivesite ya LUANAR ayese tizipangizoti pamene Lingadzi amathira mu Lilongwe, ndiponso potulukira madzi a m'maiwe a suweji ku Kauma, kwa chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe chomwe. Magetsi akasintha, uthenga ufike pafoni ya woyeza, iye athamange ndi botolo lake tsiku lomwelo.