"Free rein" si nkhani ya ufumu

Anthu ambiri akafuna kunena m'Chingerezi kuti munthu wapatsidwa ufulu wochita zofuna zake amalemba "free reign", poganiza kuti mawuwa akukamba za ulamuliro wa mfumu. Kalembedwe kolondola ndi "free rein", ndipo gwero lake ndi kukwera hatchi.

Rein ndi lamba womangirira ku kachitsulo kokhala m'kamwa mwa hatchi. Wokwera akakoka malamba onse awiri, hatchi imaima. Akakoka wakumanja, imakhotera kumanja. Akangowalekerera m'manja, hatchi imadzisankhira yokha njira ndi liwiro. Apa m'pamene pagona tanthauzo lonse.

Liwu lakuti rein linadzera m'Chifalansa chakale, kuchokera ku Chilatini retinere, kugwira chinthu kuti chisapite. Reign anachokera ku regnum, ufumu. Chimasokoneza anthu n'chakuti awiriwa amatchulidwa mofanana ndendende.